Thangata: Mawu Okoma Amene Anasanduka Goli

Sabata ino tibwerere m'mbiri ya dziko lathu, tisinkhesinkhe za mawu akuti thangata. Kwa makolo athu, kuthangata kunali kuthandizana. Wina ntchito ya kumunda ikamuchulukira, anansi ankabwera ndi makasu awo, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Nanga zinatani kuti mawu okoma chonchi asanduke dzina la goli?

M'mwezi wa Meyi 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi. Azungu ena anali atatenga kale malo aakulu ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, ndipo boma la Harry Johnston linawapatsa zikalata zotsimikiza umwini wawo. Linakhazikitsanso msonkho wa nyumba. Alomwe ambiri othawa njala ndi nkhanza ku Mozambique anadzakhala pa maesiteti amenewa, ndipo lendi yawo inali ntchito. Ntchito imeneyi ndiyo inatchedwa thangata.

Pangano linali lakuti munthu agwire mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho. Koma pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero, imene ankayang'anira William Jervis Livingstone, mwezi unkatalika. Tsiku limene munthu sanamalize ndime yake silinkawerengedwa, choncho miyezi iwiri ija inkatha kufika inayi kapena isanu. Ambiri ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama. Ngakhale akazi amasiye sankasiyidwa. Chopweteka koposa, thangata ankagwa m'nyengo ya dzinja, pamene munda wa mwini wake ukufuna khasu. Bambo ankapalira thonje la mzungu, chimanga chake chikumira m'tchire, ndipo nkhokwe inkatha msanga.

Pa 23 Januwale 1915 anthu a Mbusa John Chilembwe anaukira, ndipo Livingstone anaphedwa. Chipwirikiticho sichinatiphonye ife Akatolika: mishoni ya Nguludi inatenthedwa ndipo wansembe anavulazidwa. Komiti imene boma linaika kuti ifufuze nkhaniyi inavomereza kuti ku Magomero antchito ankazunzidwa. Komabe thangata anapitirira mpaka lamulo la 1962 linamuthetsa.

Taonani chodabwitsa. M'mwezi womwe uja wa Meyi 1891, pa 15, Apapa Leo XIII anatulutsa kalata yotchedwa Rerum Novarum. Iwo ankaona mavuto a antchito a m'mafakitale a ku Ulaya, koma chiphunzitso chawo chinkakhudzanso Magomero. Anaphunzitsa kuti malipiro azikwanira kusunga moyo wa wantchito, kuti maola asapitirire mphamvu za thupi, ndiponso kuti Lamulungu likhale tsiku lopuma. Anaonjeza kuti munthu akavomera malipiro ochepa chifukwa cha umphawi kapena mantha, ameneyo waponderezedwa, ngakhale wavomera ndi pakamwa pake. Alomwe aja anavomeradi, koma chifukwa analibe kwina kolowera.

Apa ndi pamene mbiriyi ikutiloza chala. Lamulo linathetsa thangata, ndipo mu 2021 linaletsanso utenanti wa m'minda ya fodya, koma lamulo silisintha mtima. Mtsikana wantchito amene amadzuka tonse tili m'tulo nagona tonse titagona, timamulipira zingati? Mlonda amene mwezi wake umatha pa 15 mwezi winawo, sitinamutalikitsire mwezi ngati ku Magomero? Tikamadziteteza kuti anavomera yekha, tikumbuke Apapa Leo. Katekisimu wathu amaika kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira kumwamba.

Tikakumana kumphakati sabata ino, aliyense adzifunse: kunyumba kwathu kuli kuthangatana kwa makolo, kapena thangata wa pa esiteti? Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazareti, mutipempherere.