Mbiri ya Diresi Lotakasuka ku Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Pa makonde a atelala ku Luchenza, ku Bvumbwe ndi ku Makwasa pamamveka mkangano wakale. Ena amati diresi lotakasuka, lopanda chiuno, limakhala bwino pa mkazi aliyense, wamtali ndi wamfupi, wonenepa ndi woonda yemwe. Ena amakana, nati diresi lotere lili ngati thumba. Munthu wofuna kuweruza bwino mlanduwu ayambe wadziwa kumene diresili linachokera.

Zovala za makolo

Kale anthu a dziko lino anali kuvala zikopa ndi chiwondo. Mwamuna anali kupita kuthengo, nasenda khungwa la mombo, naliviika m'madzi, nalisula kufikira litafewa. Amang'anja a kuchigwa cha Shire anali kulima thonje ndi kuomba nsalu zawozawo. David Livingstone anaona ntchito imeneyi pamene anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859.

Zovala zimenezi zinalibe msoko. Mkazi anali kudzikulunga nsalu kuyambira pachifuwa kapena m'chiuno, naimanga monga mwa thupi lake. Chotero panalibe wodandaula kuti chovala chamthina kapena chamkulira.

Nsalu ya kwa Mzungu

Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo ku Thyolo anafika cha mu 1908. Minda inakula, ndipo munda wa Satemwa unatsegulidwa mu 1923. Antchito ambiri anali Alomwe amene anachokera ku Mozambique. Iwo anakhala pa malo a Azungu, ndipo lendi ya malowo anali kuilipira ndi ntchito. Iyi ndiyo thangata, imene inatha ndi lamulo la 1962.

M'masiku oyamba a Azungu ndalama zinali zosowa, ndipo antchito ambiri anali kulandira nsalu yoyera yoyezedwa ndi mikwamba. Pambuyo pake ndalama zitabwera, zinali zochepa, ndiponso msonkho unali kudikira. Banja limene lagula nsalu ya biriwita m'sitolo ya Mmwenye linali kudziwa kuti nsalu ina siioneka msanga. Usiwa unali chinthu chamanyazi, ndipo chovala chimodzi chinayenera kukhala zaka.

Diresi la ku mishoni

Diresi losokedwa linabwera ndi amishoni. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo ya Malamulo, imene ili pakati pa minda ya tiyi ku Makwasa, inayamba mu 1902. M'sukulu za mishoni atsikana anali kuphunzira kusoka. Akazi a amishoni anafuna kuti thupi la mkazi wa Chikhristu libisike, tsono anali kudula madiresi aatali ndi aakulu.

Zotere zinachitikanso kutali. Amishoni a ku America atafika pa zilumba za Hawaii mu 1820, akazi a kumeneko anayamba kuvala diresi lalitali lotsika kuchokera m'mapewa, lotchedwa holoku. Pa zilumba zina za nyanja ya Pacific diresi lotere linatchedwa Mother Hubbard. Kumeneko ndi kuno komwe, cholinga chake choyamba chinali kufunda thupi. Za kukongola zinabwera pambuyo.

Koma akazi a ku minda ya tiyi analikonda pa zifukwa zawo. Diresi lalikulu silivuta kusoka, pakuti telala safunika kuyeza chiuno ndi chifuwa. Mkazi akakhala ndi pakati salivula, ndipo akachira amalivalabe. Akadwala naonda, diresi lili lomwelo. Likatha ntchito kwa mkulu limapita kwa mng'ono wake. Kwa banja la ndalama zochepa, ubwino umenewu unali waukulu kuposa maonekedwe.

M'munda wa tiyi

Ntchito yothyola tiyi inaonetsa kulephera kwa diresili. Mitengo ya tiyi imadulidwa kuti ilekeze m'chiuno mwa munthu, ndipo imayandikana kwambiri. Wothyola amabereka dengu kumsana, nalowa pakati pa mitengoyo m'mamawa, natsina masamba awiri ndi nsonga yake. Tiyi amachuluka nyengo ya mvula. Nsalu yolendewera imakodwa m'nthambi ndi kung'ambika, imamwa mame ndi mvula, nilemera ngati mtolo.

Tsono akazi anachita zimene agogo awo anali kuchita ndi chiwondo. Anamanga chitenje m'chiuno pamwamba pa diresi, ndipo ambiri anawonjezera chiguduli, pambuyo pake pulasitiki, kuti asanyowe. Potero diresi lopanda chiuno linapeza chiuno. Mkazi wamfupi analikweza kuti lisakwawe pansi. Woonda analikunga kuti asamire m'katimo. Wamtali anatsitsa chitenje kuti chibise pamene diresi laperewera. Aliyense anakonza yekha chimene telala sanayeze.

Lamulo la zovala

Dziko litalandira ufulu mu 1964, fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba kupanga nsalu ku Blantyre mu 1967, ndipo zitenje zinachuluka m'masitolo. Koma mu 1973 boma la Dr. Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe. Mkazi analetsedwa kuvala thalauza pagulu, ndiponso diresi kapena siketi yosabisa mawondo. Wophwanya lamuloli anali kulipira chindapusa kapena kumangidwa. Kwa zaka 20 kutalika kwa diresi la mkazi kunali nkhani ya apolisi, kufikira lamuloli linachotsedwa mu 1993.

Lamulo litachoka, kaunjika anadzaza misika, ndipo mkazi wothyola tiyi anatha kusankha diresi la msinkhu wake pa mtengo wochepa. Komabe maganizo akale sanathe msanga. Mu January 2012 anyamata ena ogulitsa malonda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula akazi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi. Akazi ambiri anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewu, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene afuna.

Chimene mbiri iphunzitsa

Kodi tsono diresi lotakasuka limakhala bwino pa aliyense? Mbiri iyankha kuti limalowa pa aliyense, koma kulowa ndi kukhala bwino ndi zinthu ziwiri. Matupi a anthu amasiyana monga nkhope zawo. Pa wina diresili limagwa bwino kuchokera m'mapewa, pa wina limafuna lamba kapena chitenje, ndipo pa wina limafuna kuti telala alibweze.

Kwa zaka zambiri diresi la mkazi wa ku Thyolo linali kusankhidwa ndi ena: mishoni, umphawi, ndiponso lamulo la boma. Chitenje chokha ndicho chinali m'manja mwake, ndipo ndicho chinakonza zolakwa za onsewo. N'chifukwa chake mayi wopita kukasoketsa diresi ku Luchenza amanyamula chitenje chake ngakhale diresilo litamkwana.