Mmene amapezera madigiri a ngodya za m'kati mwa poligoni

Poligoni ndi chojambula chafulati chotsekedwa ndi mizere yowongoka, kuyambira cha mbali zitatu kupita m'tsogolo. Pomwe mbali ziwiri zakumana pamakhala ngodya, ndipo kukula kwake kumayezedwa m'madigiri. Ngodya zonse za m'kati zikaphatikizidwa, yankho silidalira kutalika kwa mbalizo, koma kuchuluka kwake kokha.

Maziko a nkhaniyi ndi thirayango. Euclid, katswiri wa masamu wa ku Alexandria amene anakhalako cha m'ma 300 B.C., anasonyeza m'buku lake lotchedwa Elements kuti ngodya zitatu za thirayango iliyonse zimafanana ndi ngodya ziwiri za sikweya, omwe ndi madigiri 180.

Poligoni ina iliyonse ikhoza kudulidwa kukhala mathirayango. Wophunzira amasankha ngodya imodzi n'kujambula mizere yopita ku ngodya zina zonse, kupatula ziwiri zoyandikana nayo. Chojambula cha mbali 4 chimatulutsa mathirayango awiri, choncho ngodya zake zimakwana madigiri 360. Cha mbali 5 chimatulutsa atatu, madigiri 540, pomwe cha mbali 6 chimatulutsa anayi, madigiri 720. Nthawi zonse mathirayango amapelewera ndi awiri poyerekeza ndi mbali. Apa ndi pomwe panachokera lamulo lakuti (n − 2) × 180, n kukhala chiwerengero cha mbali. Amene wamvetsa kadulidweka safunika kuloweza, pakuti lamulo likathawa m'mutu pa mayeso akhoza kulipezanso ndi pensulo ndi rula.

Pali msampha umene umakola ambiri. Mizere ikayambira pakati pa chojambula m'malo mwa pangodya, cha mbali 6 chimapereka mathirayango 6, madigiri 1,080. Yankholi lachuluka chifukwa lawerengera ngodya zozungulira malo apakatiwo, zomwe si za poligoniyo. Zimenezi zimakwana madigiri 360, ndipo zikachotsedwa patsala 720 yemwe uja.

Ngati mbali zonse ndi ngodya zonse zili zofanana, kukula kwa ngodya imodzi kumapezeka pogawa yankho ndi n. Chikwangwani cha pamsewu cholembedwa kuti STOP chili ndi mbali 8: madigiri onse ndi 1,080, ngodya iliyonse 135. Nyumba ya Pentagon ku America ili ndi mbali 5, ngodya iliyonse 108. Kugawaku n'kosaloledwa ngati ngodyazo zili zosiyana.

Masamuwa amafotokozanso chifukwa chake matailosi amabwera m'maonekedwe ochepa chabe. Kuti pansi pasatsale mpata, ngodya zokumana pamalo amodzi ziyenera kukwana madigiri 360. Masikweya anayi amakwanitsa, mathirayango 6 a ngodya za madigiri 60 amakwanitsanso, chimodzimodzi tizipinda titatu ta mbali 6 ngati timene timaoneka m'chisa cha njuchi. Koma za mbali 5 zimakanika: zitatu zimangofika 324, ndipo yachinayi siikwanapo.

Zonsezi zimagwira pamalo afulati pokha. Pa chinthu chobulungira ngati dziko lapansi, thirayango yochokera ku North Pole kutsika mbali ziwiri mpaka pa mzere wa Equator ikhoza kukhala ndi ngodya zitatu za madigiri 90, zomwe pamodzi zimakwana 270.