Banki ya Kabuku ka ku Positi

Kale, mlimi wa ku Nathenje kapena ku Mitundu akagulitsa fodya, ndalama zotsala sankazitengera ku mabanki a m'tauni. Kumeneko kunali kwa azungu, amwenye ndi anthu a mataye. Iye ankapita ku positi ofesi ndi kabuku kake kokulunga m'pepala la pulasitiki, kalaliki n'kulemba, n'kudinda chidindo. Imeneyo inali Post Office Savings Bank, yomwe inayamba m'nthawi ya atsamunda ndipo inapitirira zaka zonse za Kamuzu.

Mu 1994, chaka chomwe tinasankha boma la zipani zambiri, ntchitoyi inachoka m'manja mwa a positi n'kukhala Malawi Savings Bank (MSB), mwini wake boma. Mphamvu yake inali kufika kumidzi kumene mabanki ena ankakuona ngati kutali. Aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi opuma pantchito ambiri ankalandirira kumeneko.

Koma banki ya boma ili ngati nkhokwe ya pabwalo la mfumu: aliyense woyandikana ndi mfumu amaiyesa yake. M'kupita kwa zaka, MSB inabwereketsa ndalama zambiri kwa makampani ochepa, zosabwezedwa. Pofika 2015 ngongole zoolazo zinali pafupifupi K6 biliyoni, ndipo dzina lomwe linkamveka kwambiri m'nyuzipepala linali la Mulli Brothers, kampani yomwe anthu ankaiona kuti ili pafupi ndi chipani cha DPP. Nthawi yomweyo Reserve Bank inali itakhwimitsa malamulo a Basel II, ofuna kuti banki iliyonse ikhale ndi mpamba wokwanira. MSB inalibe.

Boma la Peter Mutharika wa DPP, nduna ya zachuma ali Goodall Gondwe, linati njira ndi kugulitsa, ngongolezo n'kuzisenza boma. Kunena kwina, wokhoma msonkho. Aphungu a MCP, motsogozedwa ndi Lazarus Chakwera, anakana pamodzi ndi ena otsutsa komanso mabungwe omenyera ufulu. Kugulitsako kunaimitsidwa kwa kanthawi, kenako mu Julaye 2015 FDH Financial Holdings ya Thom Mpinganjira inatenga magawo ambiri a bankiyo.

Chomwe chimandipweteka mpaka lero ndi mmene tinkakambira nkhaniyi kwathu kuno. Kumwera kwa Lilongwe ndi kwa tambala wakuda wa MCP, ndiye pamsika wa Mitundu kapena pasiteji ya minibasi pa Nathenje munthu sankafunikira kuwerenga kanthu kuti atsutse: bola wagulitsa ndi DPP, ndi kuba basi. Wachipani cholamula nayenso ankangoti "boma likudziwa". Mafunso enieni, akuti anavomereza ngongolezo ndani, chikole chinali chiyani, nanga zidzabwezedwa liti, ankamira m'phokoso la mitundu ya nsalu. Ndinamvapo gogo wina, yemwe anasunga kabuku kake kuyambira nthawi ya positi, akufunsa anyamata okangana ngati ndalama zake zikadalipo. Mmodzi anamuyankha kuti avotere bwino ulendo wina. Zikwangwani za MSB zitatsitsidwa, ndalama zake anakazipeza ku FDH Bank, zonse bwinobwino, koma za K6 biliyoni ija palibe anamufotokozera.