Rambo Amalankhula Chichewa: Mbiri ya Kanema wa Usiku mu Lilongwe

Ikamakwana 9 koloko usiku, msewu wa Malangalanga umakhala utayamba kuzizira. Amwenye atseka mashopu kalekale, mavenda amanga katundu wawo, ndipo maminibasi otsiriza akuitanira anthu a ku Kawale, Area 23 ndi Chinsapo. Mukalondola anthuwo mpaka kwawo, musanafike n'komwe pamsika mumalandiridwa ndi phokoso la mfuti ndi zibakera lochokera m'chimkuzamawu chokolekedwa pamwamba pa kanyumba ka matabwa. Mkatimo anyamata athithikana pamabenchi, maso ali pa Arnold Schwarzenegger atasenza chipika paphewa. Filimuyo ndi Commando, ya mu 1985. Ambiri mwa oonerawo anali asanabadwe pamene inkatuluka, koma aliyense akudziwa chimene chichitike patsogolo, ndipo akuchidikira ndi mtima wonse.

Kumayiko akunja chikondi chotere pa filimu yakale chili ndi mbiri yake yolembedwa. Mu Disembala 1970, Ben Barenholtz, mwini nyumba ya kanema ya Elgin ku New York, adayamba kuonetsa pakati pa usiku filimu yachilendo ya Alejandro Jodorowsky yotchedwa El Topo. Anthu ankadzaza usiku ndi usiku kwa miyezi ingapo. Zitatero ena adatengera. The Harder They Come ya Jimmy Cliff idapeza anthu ake mwa njira yomweyo, ndipo mu 1976 The Rocky Horror Picture Show, imene idakanika kugulitsa malonda masana, idayamba kuonetsedwa pakati pa usiku ku Waverly Theater, oonera n'kumavala ngati anthu a mufilimumo ndi kumayankhana ndi chinsalu. Chinsinsi chake chinali chimodzi: gulu la anthu omwewomwewo kubwerera ku filimu yomweyomweyo mpaka kuisandutsa yawo. Mwambo wogula tikiti pakati pa usiku m'holo yaikulu sudamere mizu mu Lilongwe, koma mtima wakewo tili nawo, ndipo udadzera njira yakeyake.

Kwathu kuno kanema adayamba ndi usiku chifukwa panalibe kuchitira mwina. Chinsalu chomangidwa pabwalo chimafuna mdima. Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment lidayenda ndi lole m'Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, kuonetsa mafilimu ophunzitsa za ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Mawu ofotokozera ankawajambula padera pambale za galamafoni m'zilankhulo za anthu, kuphatikizapo Chinyanja. Mu 1948 kudabwera Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury ndipo idagwira ntchito mpaka chitaganya chitatha mu 1963. Kawirikawiri pambali pa chinsalu pankaima womasulira, kuuza anthu zimene akuona. Tisamuiwale munthu ameneyu, tikumana nayenso.

Amuna obwera ku Joni ndi ku migodi ya kopa adabweretsa kukoma kwina. M'makomponi ankaonetsedwa mafilimu a makauboyi, amene iwo ankati bayisikopo, ndipo ngwazi iliyonse yokwera hatchi ankangoitcha Jack. Dzina lenileni la wosewerayo linalibe ntchito. Chofunika chinali chakuti amenya bwanji, ndipo adzuka bwanji akagwetsedwa. Atsamunda ankafuna kuti tiphunzire kukumba zimbudzi ndi kupanga mizere, anthu ankadikira Jack.

Chaka cha 1968 chidabereka zinthu ziwiri zimene zidaumba kaonedwe ka kanema mumzinda uno. Choyamba ndi Capital City Development Corporation, bungwe limene lidapatsidwa ntchito yomanga likulu latsopano, lomwe lidasamuka mwalamulo kuchoka ku Zomba mu 1975. Mapulani ake adamwaza mzinda ngati mbewu zofesa. Old Town idatsala kumwera ndi msika, depoti ndi mashopu. City Centre ndi Capital Hill zidamangidwa makilomita angapo kumpoto, pakati n'kusiya nkhalango ya mumtsinje wa Lingadzi momwe afisi amalira usiku. Mabwana ndi akazembe adapita kumayadi a Area 10, 12 ndi 43, kuwonjezera pa Area 3 ndi Area 9, pamene amesenjala, akalaliki ndi alonda adakakhala kutali. Mzinda wotere ulibe msewu umodzi woyaka magetsi pomwe anthu a mitundu yonse angayende wapansi usiku kuchoka kokadya kupita kukanema. City Centre mpaka lero imagona maofesi akangotsekedwa.

Chachiwiri ndi lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, limene lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Filimu iliyonse inkayamba yadutsa m'manja mwa bungweli. Kupsompsonana ankadula, maliseche ankadula, chilichonse chonunkha kuukira boma chinkaletsedwa. Ndi nthawi yomwe nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa, ndipo kuyambira 1973 amayi sankaloledwa kuvala buluku kapena siketi yaifupi. M'nyumba za kanema, zomwe zotchuka zake monga Apollo ndi Rainbow zinali ku Blantyre ndi Limbe, filimu isanayambe anthu ankaimirira poimbidwa nyimbo ya fuko, Kamuzu akubayibitsa pachinsalu. Mafilimu a ku Elgin aja, odzala ndi zamwano ndi zonyoza miyambo, sakadadutsa ngakhale pakhomo. Wailesi yakanema nayo kunalibe, mpaka Television Malawi idatsegulidwa mu 1999. Galimoto za nthambi yofalitsa nkhani zinkazungulirabe m'maboma ndi m'midzi, kuonetsa maulendo a Ngwazi oyendera mbewu.

Chimene chidaboola mpandawu ndi tepi ya vidiyo. M'zaka za m'ma 1980, ogwira ntchito m'boma obwera kumaphunziro kunja, akazembe ndi amalonda adayamba kufika ndi madeki ndi matepi m'masutikesi. Lamulo linkafuna kuti matepiwo akaunikidwe, koma tepi ndi chinthu chaching'ono, chimayenda m'thumba la jekete kuchoka nyumba ina kupita ina. Motero kanema wa usiku adayamba kukhala wa pabalaza la kumayadi, makatani atatsekedwa. Ambiri a msinkhu wanga Bruce Lee tidamuonera koyamba pawindo la eni, titaima pa njerwa, mwana wa bwana atatikomera mtima n'kusiya katani potseguka pang'ono. Mawu sitinkamva. Sizinkatidandaulitsa, chifukwa mateche safuna womasulira.

Zinthu zitamasuka pambuyo pa riferendamu ya mu 1993 ndi chisankho cha 1994, dekiyo idatuluka m'mayadi n'kulowa m'misika. Apa ndi pamene padabadwira vidiyo sho, ndipo ineyo ndimaiona kuti ndiyo nyumba ya kanema yeniyeni ya Mmalawi. Zofunika zinali zochepa: chipinda cha zidina kapena matabwa, mabenchi, sikirini, deki, chimkuzamawu panja choitanira anthu, ndi jenereta kapena batire ya galimoto podziwa kuti magetsi sachedwa kuthima. Pakhomo pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko kapena chikuto cha tepi chokhomedwa ndi msomali, ndi mnyamata wotolera makobiri. Ku Mchesi, Biwi, Kawale, Area 25, Mtandire ndi Chinsapo, kulikonse komwe kunali msika kunalinso phokoso limeneli.

Mwini vidiyo sho analibe matepi ambiri, ndipo umphawi umenewu ndi umene udapanga mafilimu okondedwa mopitirira muyeso. Tepi imodzi inkazungulira mpaka zithunzi kuyamba kugwa mizeremizere. Enter the Dragon ya mu 1973, chaka chomwe Bruce Lee adamwalira. The Way of the Dragon, momwe amalimbana ndi Chuck Norris ku Colosseum ya ku Rome. First Blood ya mu 1982, imene palibe ankaitchula dzina limenelo, tonse tinkangoti Rambo. Missing in Action, American Ninja, komanso Bloodsport ndi Kickboxer za Jean-Claude Van Damme. Pakati pa zipolopolozo pankalowa The Gods Must Be Crazy ya mu 1980, ya munthu wa ku Kalahari ndi botolo lake la Coca-Cola, komanso mafilimu a Chimwenye onga Disco Dancer amene amayi ankawakonda chifukwa cha nyimbo. Kwawo mafilimuwa adatha fasho kalekale. Kuno adakhala ngati nthano ya agogo: umaidziwa mathero ake, koma ukufuna uimvenso, ndipo wokamba akalumpha gawo umamudzudzula.

Oonera sankakhala chete. Ngwazi ya mufilimu inkatchedwa ekita, mdzukulu wa Jack wa kumigodi uja, ndipo mwana aliyense ankadziwa kuti ekita safa. Akamamenyedwa, chipinda chonse chinkabuula. Akadzuka n'kupukuta magazi pamlomo, mluzu ndi kuwomba m'manja. Yemwe adaionerapo kasanu ankakhala kutsogolo n'kumalosera, ena akumukalipira kuti atseke pakamwa, chonsecho akumvetsera. Mawa lake kusukulu, nthawi yopuma, filimu yonse inkaseweredwanso pafumbi, ndipo ambiri tidabwerera kunyumba malaya atang'ambika. Anthu a ku Waverly ankachita kukonzekera kuti ayankhane ndi chinsalu. Ku Kawale palibe adaphunzitsa munthu zimenezo.

Usiku weniweni unali ndi mbali yake yoipa, ndipo sitingaibise. Ana akapita kokagona, eni malo ena ankasintha tepi n'kuika zolaula, ndipo si nthawi zonse pamene ana ankakhala atapitadi. Makolo, aphunzitsi, mafumu a m'matauni ndi atsogoleri a mipingo akhala akudandaula za ana othawa sukulu ndi kuba ndalama za ndiwo kuti akaonere kanema, ndipo madandaulo awo ndi oona. Mbiri yoipayi idamata dzina la vidiyo sho mpaka mtsikana wodzilemekeza sankafuna kuonedwa akutulukamo. Kunalinso vakabu. Lamulo lakale la atsamunda linkalola apolisi kugwira munthu wopezeka akuyenda usiku pongomuganizira, ndipo ogwidwa ankakhala oyenda pansi, osati a pagalimoto. Ndime imeneyi, 184(1)(c) ya malamulo a milandu, Khoti Lalikulu lidaithetsa mu Januwale 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wochita malonda amene adagwidwa mbandakucha akupita kuntchito yake. Kwa zaka zonsezo, kuonera filimu yothera pakati pa usiku kunali kosavuta kwa wa ku Area 10 wokhala ndi galimoto ndi mlonda pageti, pamene wa ku Mtandire ankaika ufulu wake pachiswe.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 matepi adagonja kwa madisiki otsika mtengo, ndipo mafilimu a ku Nigeria adalowa mwamkokomo ndi asing'anga awo, apongozi ankhanza ndi Aki ndi Pawpaw. Neria ya ku Zimbabwe, yokamba za kulanda chuma cha amasiye, idakhudza mitima chifukwa nkhaniyo inali ya pakhomo pathu. Kenaka mpira wa ku England wa pa DStv udalanda mabenchi Loweruka ndi Lamlungu, ndipo eni malo ambiri adaona kuti Arsenal ndi Manchester United zimadzaza chipinda kuposa ekita aliyense.

Mafilimu akale aja akadafera pomwepo pakadapanda womasulira uja kubwerera. Anyamata okhala ndi kompyuta ndi maikolofoni adayamba kuika mawu a Chichewa pamwamba pa mafilimu a ku America, China, India ndi Korea, monga amachitira anzawo ku Uganda ndi ku Kenya. Samasulira liwu ndi liwu. Amapatsa anthu a mufilimu mayina a kwathu, amasandutsa mizinda yakutali kukhala malo odziwika, amathira nthabwala ndi ndemanga, nthawi zina n'kulengeza malonda awo pakati pa nkhondo. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito zaluso kuyambira 1992, lili ndi chifukwa chomveka chodandaulira, pakuti eni mafilimuwo salandirapo kanthu. Komabe ndimaona luso lenileni mwa anyamatawa. Gogo amene sadapite kusukulu tsopano amatsata nkhani yonse, ndipo Rambo wolankhula Chichewa cha mumsika ndi wathu kuposa mmene adakhalira kale.

Kutsidya kwa Lingadzi nako zinthu zidayenda, koma mwa mtundu wina. Maofesi a akazembe ndi mabungwe a zachikhalidwe amaonetsa mafilimu a kwawo mwa apo ndi apo, ndipo Bingu International Convention Centre ndi mahotela amalandira miyambo yokhazikitsa mafilimu atsopano a Amalawi. Tili nawo oti tinyadire. Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise za Shemu Joyah zidatchuka mpaka kunja. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yokamba za William Kamkwamba, idajambulidwa ku Kasungu ndipo mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa. Chimandiwawa n'chakuti mafilimu otere amaonetsedwa usiku umodzi, anthu atavala masuti, kenaka n'kuzimirira. Filimu siikondedwa poionera kamodzi. Commando idalowa m'magazi chifukwa idabwerezedwa kosawerengeka pamtengo woti wogulitsa mandasi angakwanitse, pamene Seasons of a Life achinyamata ambiri a mumzinda uno adangoimva dzina. Munthu wofuna kuyambitsa kanema wa usiku ku Old Town kapena ku City Centre angachite bwino kuika Bruce Lee ndi Shemu Joyah usiku umodzi, Lachisanu lililonse osadumphitsa, ndi kupangana ndi a minibasi kuti adikire panja mpaka filimu ithe.

Pakadali pano sikirini yasamukira m'manja. Pafupi ndi depoti pali timashopu tomwe amakuikira mafilimu omasuliridwa mu memori khadi kapena mufoni. Mukadutsa ku Area 43 usiku kwambiri, mipanda ili zii, agalu okha akuuwa, mudzaona kuwala kwakung'ono m'kanyumba ka pageti. Ndi mlonda wavala chijasi, mbaula ili pamapazi, foni waitsamiritsa ku botolo la tiyi. Mlonda wa nyumba yoyandikana naye wasendera kumpanda kuti aone nawo, ndipo Van Damme akukonzekera nkhondo yomaliza, akulankhula Chichewa.