Vector imene inakana kukhala ngati zinzake

Chaka chatha ndinatha usiku wonse ndikulimbana ndi mizere inayi ya C++. Ndinali nditalemba function yodutsa mu vector n'kusintha chilichonse chimene chili mkatimo. Ndi manambala inkayenda bwinobwino. Nditangoikamo bool, compiler inakana. Ndinadziona ngati mbuli, osadziwa kuti vutolo linabadwa ine ndisanabadwe.

Ma template analowa mu C++ kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1994 komiti yoyang'anira chiyankhulochi inavomereza STL ya Alexander Stepanov. Lonjezo lake linali lokoma: lemba class kamodzi, igwire ntchito ndi mtundu uliwonse wa data. Koma C++ inasiyanso khomo lina lotchedwa specialization, lokulola kuuza class kuti pa mtundu wakutiwakuti wokha izichita mosiyana.

Komitiyo inalowera pakhomo lomweli. Mu standard ya 1998, vector<bool> inalembedwa payokha kuti bool aliyense azitha kutenga bit imodzi m'malo mwa byte yathunthu. Byte ili ndi ma bit 8, ndiye phindu pa memory linali loonekeratu. Chovuta n'chakuti bit ilibe adiresi. Ukalemba v[0] sulandira bool weniweni, umalandira kanthu kongomuimira, ndipo ndi kameneka kanandigwetsa. Mu 1999 Herb Sutter anali atalemba kale kuti vector<bool> sikwaniritsa malamulo a container. Mpaka lero idakalipo, poti kuichotsa kungaphwanye mapulogalamu a anthu.

Java inadzera njira ina. Ma generics ake a mu 2004, ochokera ku ntchito ya GJ imene Martin Odersky ndi Philip Wadler anagwira nawo, amafufuta mtundu pulogalamu isanayambe kuyenda, cholinga code yakale isafe. Choncho List<String> ndi List<Integer> ndi class imodzi, ndipo method siingafunse kuti T ndi chiyani. C# mu 2005 inasunga mtunduwo, typeof(T) imayankha.

Anzanga a Java amadandaula kuti anamangidwa manja. Ine sindiwamvera chisoni kwenikweni. Iwo amakanizidwa poyera, pamene ine ndinapatsidwa chinthu cha dzina la vector koma khalidwe lachilendo. Komitiyo ikanangochipatsa dzina lina, ngati mmene inachitira ndi bitset, bwenzi nditagona usiku umenewo. Pa assignment ija ndinagwiritsa ntchito vector<char>.