Lamulo la KK ndi magitala a Paul Ngozi

Mu 2024 ambiri a ife tinamva liu la Paul Ngozi koyamba m'nyimbo ya Tyler, the Creator yochedwa Noid. Tinafunsa makolo athu kuti ni ndani uyu, iwo n'kutiseka. Ku Kapata ndi ku Mchini anali kuvina nyimbo zake ife tisanabadwe.

Nthawi imeneyo boma linali kugwira nchito ya DJ. Ku Soviet Union, kampani ya boma ya Melodiya, yomwe inayamba mu 1964, ndiyo inali kusankha woimba woyenera kutulutsa rekodi. Vladimir Vysotsky, amene akuluakulu sanali kumukonda, anachuka kudzera m'matepi amene anthu anali kukoperana m'manyumba. Kuno, Kaunda atabweretsa cipani cimodzi mu 1972, wailesi inali ya boma yokha. Breeze FM kunalibe. Cam'katikati mwa zaka za m'ma 1970 KK analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za muno m'Zambia.

Boma linali kufuna nyimbo za umodzi, zonga Tiyende Pamodzi. Cimene linapeza n'cina. Wailesi inafunika nyimbo zambiri mwamsanga, ndipo anyamata a magitala aphokoso ndiwo anali nazo: WITCH, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Ngozi Family, imene inatulutsa Day of Judgement mu 1976. Teal ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ku Ndola zinayamba kudinda marekodi mosalekeza. Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, anali kuimba Cinyanja ca m'komboni pa gitala ya rock, Cinyanja comweco cimene aphunzitsi anali kutiletsa kulemba.

Koma zonsezi zinali kudalira mkuwa. Mtengo wake utagwa, rekodi inasanduka cinthu ca olemera. Mu 1978 asilikali a Rhodesia anaponya mabomba m'dziko muno. Alick Nkhata, mkulu wa oimba a pa wailesi, anafera m'ciwembu ca ku Mkushi. Panabwera lamulo loletsa kuyenda usiku, ndipo mabandi anasowa koimbira. Kenako Edzi inatenga oimba ambiri. Ngozi anamwalira mu 1989.

Masiku ano tikamakangana zoti mawailesi a m'Chipata acepetse amapiano, timachula lamulo la KK. Timaiwala kuti linagwira nchito cifukwa kunali fakitale yodinda marekodi ndi anthu a m'migodi okhala ndi ndalama zogulira. Marekodi a WITCH amene tikumvera lero anatulutsidwanso ndi Now-Again, kampani ya ku Los Angeles.