Sitima Zopanda Woyendetsa: Mbiri ya Njanji ya ku Lille

Kumpoto kwa dziko la France, pafupi ndi malire a Belgium, kuli mzinda wochedwa Lille. Dera limeneli linachuka kale ndi migodi ya malasha ndi mafakitale oomba nsalu. Koma kuyambira zaka za m'ma 1960 nchito zimenezi zinayamba kufa, ndipo mgodi wotsiriza wa m'deralo unatsekedwa ku Oignies m'caka ca 1990. Pa nthawi yobvuta yomweyo mzinda wa Lille unamanga njanji ya mtundu watsopano, imene sitima zace ziyenda zokha popanda munthu woziyendetsa.

Nkhaniyi inayamba ndi sukulu. Mbali ina ya Yunivesite ya Lille inasamutsidwira kunja kwa mzinda, ca kum'mawa, ndipo m'caka ca 1970 kumeneko kunakhazikitsidwa tauni yatsopano, dzina lace Villeneuve-d'Ascq. Tsono panafunika njira yotengera ophunzira ndi anchito kupita ku Lille ndi kubwera. Njanji yaikuru ya pansi pa nthaka, yonga ya ku Paris kapena London, ikadadya ndarama zoposa zimene mzindawo ukadapeza, ndiponso anthu okwera akadacepa, osadzaza sitima zazitali zotero.

Mphunzitsi wina wa pa yunivesiteyo, Profesa Robert Gabillard, ndiye anatsogolera nchito yofuna njira yina, ndipo kampani ya Matra inapanga sitimazo. Maganizo ao anali otere. Munthu amene ali pa siteshoni safuna sitima yaitali; afuna sitima yofika msanga. Koma sitima iri yonse ifuna woyendetsa wace wolandira malipiro, kotero kuti a njanji akonda kutumiza sitima zazitali mwa apo ndi apo. Woyendetsa akacoka, nkotheka kutumiza sitima zazifupi zambiri motsatizana. Sitima ikakhala yaifupi ndi yopapatiza, msewu wace wa pansi pa nthaka ucepa, siteshoni nayonso icepa. Amene agwira nchito m'migodi adziwa bwino kuti kukuza msewu m'thanthwe, ngakhale pang'ono pokha, kucurukitsa miyala yokumba ndi yoturutsa. Pamenepo ndi pamene panapulumukira ndarama.

Njanjiyo anaicha VAL, kucokera pa zilembo zoyamba za Villeneuve-d'Ascq à Lille. Mtsogoleri wa dziko, François Mitterrand, anaitsegula pa 25 April 1983. Ku Japan mzinda wa Kobe unali utayamba kale sitima zopanda woyendetsa m'caka ca 1981, koma ya ku Lille ndiyo inachuka koposa ku Ulaya. Sitima iri yonse inali ya ngolo ziwiri, mamita 26 m'litali ndi masentimita 206 okha m'mimba mwace. Miyendo yace ndi ya mphira, monga ya galimoto, cifukwa mphira agwira bwino pokwera citunda ndi poima mwadzidzidzi. Pa nthawi imene anthu apita ku nchito, sitima zitsatana pafupifupi pa mphindi iri yonse.

Anthu anafunsa funso loyenera: munthu akagwera pa njanji, adzamuona ndani? Yankho linali khoma la magalasi m'mphepete mwa malo odikirira, lokhala ndi zitseko zimene zitseguka pokhapo sitima itaima. Anthu sanacoke konse pa nchitoyi. Ena akhala m'nyumba yoyang'anira, maso ali pa makina oonetsa pamene sitima iri yonse yafika. Ena akonza ngolo, magetsi ndi miyendo ya mphira, imene ikutha msanga kuposa citsulo. Imene inasowa ndi nchito ya woyendetsa yokha. Njanji yaciwiri inatsegulidwa m'caka ca 1989, ndipo pofika 2000 inali itapyola Roubaix ndi Tourcoing, mizinda ya nsalu ija, kufikira pafupi ndi malire. Njanji ziwirizo pamodzi zinakwana makilomita 45 ndi masiteshoni 60.

Mizinda yina inatsanzira: Toulouse m'caka ca 1993, Turin wa ku Italy mu 2006. Koma nkhani yodabwitsa ndi ya Rennes, mzinda wa anthu oposa 200,000 pang'ono. Ambiri kumeneko anati mzinda waung'ono cotero uyenera mabasi basi, ndipo mkangano unatha zaka zambiri. Meya Edmond Hervé sanabwerere m'mbuyo, ndipo njanji ya masiteshoni 15 inayamba nchito m'caka ca 2002. Anthu anaikwera ndithu, kotero kuti mu 2022 anatsegula yaciwiri. Si konse kumene zinayenda cotero. Mzinda wa Jacksonville ku America unaika sitima za VAL m'caka ca 1989, koma okwera anali ocepa, ndipo zisanathe zaka khumi sitimazo zinacotsedwa nkuikapo za mtundu wina.

Ku Lille komweko bvuto linabwera m'njira imene sanaiyembekeze. Okwera anacuruka, ndipo ngolo zopapatiza zija zinayamba kudzaza thothotho. Kukuza msewu wa pansi kunali kosatheka, tsono anaganiza zotalikitsa sitima za pa njanji yoyamba kufikira mamita 52. Nchitoyo anaipatsa kampani ya Alstom m'caka ca 2012, ndi ciyembekezo cakuti idzatha mu 2016. Kusintha makina oyendetsa sitima pa njanji yonyamula anthu tsiku ndi tsiku kunabvuta kwambiri, ndipo caka ca 2023 cinatha anthu a ku Lille akali kupanikizana m'sitima za ngolo ziwiri.